Funsani dzina la fakitale musanatumize ndalama ku Dhaka

Mwana wa mlongo wanga amakhala ku Johannesburg, ndipo watopa ndi kupikula zovala za eni ake. Akufuna kuyamba kusoketsa zake, zokhala ndi dzina lake pakhosi: masikipa, madiresi opepuka, kenako zikwama ndi malamba achikopa. Tsiku lina usiku anandiimbira akusangalala. Anali atapeza bambo wina wa ku Dhaka, likulu la Bangladesh, pa WhatsApp, wolankhula mwaulemu, wotumiza zithunzi zokongola, amene anamutchulira mtengo wotsika moti iye anachita kuwerengera kawiri. Komabe panali kanthu kamene kankamudya mumtima. "Amalume," anatero, "anzanga akuti kusoketsa ku Bangladesh n'kudyera amphawi masuku pamutu. Kodi ndikulakwa?"

Ndinamuuza kuti kugula ku Bangladesh si kulakwa. Kenako ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe, fakitaleyo dzina lake n'chiyani? Ili mumsewu uti?" Sankadziwa. M'mawa mwake atafunsa, bambo uja anayankha kuti ali ndi mafakitale ambiri amene amagwira nawo ntchito, asade nkhawa, katundu adzafika bwino.

Yankho limenelo ndi limene landichititsa kulemba. Ine ndikuona kuti munthu woitanitsa zovala kapena zikopa kudziko kumene zimapangidwa motchipa alibe mlandu chifukwa cha kutchipako. Mlandu umayamba pamene watumiza ndalama osadziwa, komanso osafuna kudziwa, nyumba imene anthu akamusokeremo. Ndipo zimenezi zikukhudza kwambiri ife ogula pang'ono kusiyana ndi makampani akuluakulu a ku London kapena New York.

Bangladesh si dziko lachilendo kwa ife, ngakhale ambiri sitinapondeko. Tembenuzani kolala ya malaya amene munasankha pa mulu wa kaunjika, ndipo nthawi zambiri mupeza dzina la dzikoli. Malayawo anasokedwa ku Dhaka, Gazipur kapena Chittagong, anavalidwa kaye ku Ulaya, n'kutipeza ife m'belo. Dzikoli lili m'gulu la mayiko otsogola potumiza zovala kunja, kumbuyo kwa China. Pa ndalama zonse zimene limapeza pogulitsa katundu kunja, zoposa 80 peresenti zimachokera ku zovala, ndipo anthu pafupifupi 4 miliyoni amadya za makina osokera. Chodabwitsa n'chakuti thonje salima lokwanira. Pafupifupi lonse amachita kuitanitsa, lina kuchokera ku India ndi ku Brazil, lina kuchokera kuno ku Africa, kumayiko monga Benin, Mali ndi Burkina Faso.

Mfundo ya thonjeyi ndi yofunika chifukwa ikusonyeza pamene mtengo umatsikira. Mwini fakitale wa ku Dhaka amagula thonje kapena ulusi pamtengo wa msika wa dziko lonse, ngati wina aliyense. Makina ake ndi ogula kunja. Mtengo wa sitima saupanga yekha. Ndiye wogula akamunenerera kuti atsitsenso, atsitsenso, ali ndi malo ochepa oti achotsepo: malipiro a wosoka, maola a wosoka, ndi ndalama zokonzera nyumba, mawaya a magetsi ndi zitseko zothawira moto. Mu 2013 malipiro otsikitsitsa a wosoka zovala anali 3,000 taka (ndalama ya kumeneko) pamwezi, pafupifupi madola 38. Anakwera kufika pa 5,300 taka kumapeto kwa chaka chomwecho, 8,000 taka mu 2018, ndi 12,500 taka kumapeto kwa 2023, pamene ogwira ntchito ankapempha 23,000 ndipo ena anafa pa zionetsero. Palibe ulendo ndi umodzi womwe umene malipirowa anakwera mwa chifundo cha ogula.

Pa 23 Epulo 2013, ming'alu inaoneka m'zipilala za nyumba ya nsanjika 8 yotchedwa Rana Plaza, ku Savar kunja kwa Dhaka. Anthu anatulutsidwa. Banki ndi masitolo a pansi anatseka, ndipo m'mawa mwake sanatsegule. Koma pamwamba panali mafakitale 5 a zovala, okhala ndi maoda oti athe pa tsiku lake. Osoka anauzidwa kuti abwerere, ena anaopsezedwa kuti akakana malipiro a mweziwo sawaona. Iwo ming'aluyo anaiona ndi maso awo, ndipo ambiri anaima panja akukana, koma munthu wolandira madola 38 sakhala ndi kosungira ndalama koti n'kukanira bwana. Analowa. Magetsi atazima, majenereta olemera amene anaikidwa m'nsanjika za pamwamba, zina mwa izo zomangidwa popanda chilolezo, anayamba kugwedeza nyumba. Nthawi isanakwane 9 koloko m'mawa pa 24 Epulo, nyumba yonse inakhala pansi. Anthu 1,134 anafa, pafupifupi 2,500 anavulala. Mtsikana wina anatulutsidwa wamoyo patatha masiku 17. Apa n'kuti patangopita miyezi 5 kuchokera pamene moto unapha anthu oposa 110 pa fakitale ya Tazreen, kumene ambiri anasowa potulukira.

Chimene chimandikhudza kwambiri m'nkhaniyi ndi zimene zinachitika pambuyo pake. Anthu anayamba kufukula m'zigumukire kufunafuna timapepala ta mayina a makampani, kuti adziwe eni maoda. Makampani ena anavomera msanga, monga Primark, imene inalipira chipukuta misozi. Ena anayamba akana, n'kudzavomera umboni utatuluka. Ndipo ena ananena kuti sankadziwa n'komwe kuti zovala zawo zimasokedwa mmenemo, popeza oda anaipereka kwa wina, winayo n'kuipatsiranso wina. N'kutheka kuti ankanena zoona. Koma kusadziwa kwa mtundu umenewu munthu amachita kukusankha, chifukwa n'kotchipa kuposa kudziwa. Thumba la chipukuta misozi linafunika madola 30 miliyoni, ndipo panapita zaka ziwiri kuti likwane.

Anzake a mwana wa mlongo wanga uja anganene kuti, ndiye basi, tisagule kumeneko. Ine sindikugwirizana nazo, ndipo si chifukwa choti ndikuchepetsa imfa zija. Mabungwe a ogwira ntchito a ku Bangladesh komweko anapempha anthu akunja kuti asanyanyale zovala zawo, chifukwa oda ikachoka, woyamba kugona ndi njala ndi wosoka yemweyo. Amayi ambiri ochokera kumidzi anagwira ndalama yawoyawo koyamba chifukwa cha makina amenewa. Komanso luso lawo si lachinyengo. Mu 1979 kampani ya Desh Garments, imene anayambitsa Noorul Quader, inagwirizana ndi Daewoo ya ku South Korea n'kutumiza anthu 130 kukaphunzira kudula, kusoka ndi kuyendetsa fakitale. Patapita zaka zochepa ambiri mwa iwo anachoka n'kukatsegula mafakitale awo kapena kukatsogolera a ena. Boma linalola kuti nsalu yobwera kudzasokedwa n'kutumizidwanso kunja ilowe popanda msonkho, mabanki nawo anapeza njira yoti mwini fakitale agulire nsalu podalira oda imene ali nayo m'manja. Zaka zoposa 40 za ntchito yotere si zoti munthu angazinyoze. Sikipa yosokedwa bwino ku Narayanganj, pafupi ndi Dhaka, ndi yosokedwa bwino ndithu.

Chinathandiza pambuyo pa Rana Plaza sikunali kuthawa, kunali kumangana ndi pepala. Mu Meyi 2013 makampani ogula, amene anadzapitirira 200, anasainirana ndi mabungwe a ogwira ntchito mgwirizano wodziwika ndi dzina lakuti Accord, wokhudza moto ndi kulimba kwa nyumba. Mphamvu yake inali yakuti wousainira ankatha kuzengedwa mlandu akauphwanya. Mainjiniya odziimira paokha anayendera mafakitale oposa 1,600, n'kulemba zonse zolakwika, mawaya oyenda pamtunda, zitseko zokhoma, zipilala zosenza katundu woposa mphamvu yake, ndipo malipotiwo anaikidwa pa intaneti kuti aliyense awerenge. Fakitale yokana kukonza inkachotsedwa pa mndandanda, makampani onse osainira n'kusiya kuipatsa ntchito. Imfa za m'mafakitale oyenderedwawo zinatsika kwambiri. Kuyambira 2020 ntchito yoyendera ili m'manja mwa bungwe la m'dzikomo la RMG Sustainability Council, ndipo mgwirizano wotere unafikanso ku Pakistan mu 2023.

Tsono apa ndi pamene wogula pang'ono ayenera kutchera khutu. Mafakitale oyenderedwa aja ndi akuluakulu, ndipo amafuna oda ya zovala masauzande pa mtundu umodzi. Munthu wofuna masikipa 300 a mitundu inayi salowa pa geti lawo. Amene amamulandira ndi dobadoba, ndipo dobadoba amatenga odayo n'kupita nayo kumene angapeze mtengo wotsikitsitsa: kachipinda ka m'nsanjika yachitatu ya nyumba yogonamo anthu, kokhala ndi makina 20, chitseko chimodzi, kopanda dzina pa mndandanda uliwonse. Kumeneko sikufika injiniya. Kumeneko malipiro ovomerezeka ndi boma ndi nkhani chabe. Choncho kampani yaikulu ya zovala ya H&M, ndi mbiri yake yonse, lero ikhoza kukhala ndi manja oyera kuposa mtsikana wa mtima wabwino wa ku Johannesburg amene akuyamba geni ndi mpamba wa ngongole. Si zokoma kumva, koma ndi mmene msika wakhalira. Tikaganiza kuti uchepa wathu ukutichotsera udindo, tikudzinamiza, chifukwa uchepa womwewo ndi umene ukukankhira oda yathu kumalo amdima.

Pali njira inanso imene amalonda athu amaikonda, yogula zotsala m'mafakitale: zosokedwa mopitirira muyezo, zokanidwa chifukwa cha kachilema, kapena za oda imene mwini wake anaisiya. Izi sindikuziona vuto kwenikweni, bola dzina la kampani ya eni ake lichotsedwe mwalamulo, apo ayi mudzakangana ndi a msonkho padoko.

Nkhani ya zikopa ndi yolemera kuposa ya nsalu, ndipo apa ndinamulankhula mosabisa. Kufufuta chikopa masiku ano si kuja kwa makolo athu kogwiritsa ntchito makungwa ndi mafuta. Zikopa zambiri padziko lapansi zimafufutidwa ndi mankhwala a chromium, pamodzi ndi laimu, asidi ndi zina zoyabwa, ndipo madzi otsalira ndi poizoni ngati sanasefedwe. Kwa zaka zambiri pafupifupi malo onse ofufutira zikopa ku Bangladesh anali mudera limodzi la Dhaka lotchedwa Hazaribagh, ndipo madzi awo ankatsikira mumtsinje wa Buriganga osasefedwa. Mu 2012 bungwe la Human Rights Watch linafotokoza za amuna ndi ana ogwira ntchito m'mankhwalamo opanda magolovesi kapena majombo, khungu litasuka, mapapo akudwala. Mu 2013 deralo linatchulidwa pa malo 10 oipitsidwa kwambiri padziko lonse. Khoti lalikulu linalamula kangapo kuti asamuke, eni ake n'kumazengereza, mpaka mu 2017 pamene anawadulira magetsi, gasi ndi madzi. Anasamukira ku Savar, m'mphepete mwa mtsinje wa Dhaleshwari, kumene kunamangidwa malo amodzi osefera madzi a onse. Malowo akhala akulephera kusefa mokwanira, makamaka pambuyo pa Eid ya nsembe pamene zikopa zimabwera zambiri nthawi imodzi. Vuto linachoka pamtsinje wina n'kukatera pa unzake.

Zotsatira zake zimaoneka ngakhale pa malonda. Ogula akuluakulu amafuna chikopa chochokera kumalo okhala ndi chiphaso cha Leather Working Group, bungwe loyendera malo ofufutira zikopa, ndipo ku Bangladesh malo otere ndi owerengeka. Mafakitale abwino a nsapato ndi zikwama a m'dzikomo amafika poitanitsa chikopa kunja kuti asataye makasitomala, pamene dziko lawo lili ndi ng'ombe ndi mbuzi zambirimbiri. Ndiye munthu akakutchulirani chikwama cha chikopa chenicheni pamtengo wogwetsa nsagwada, pali zinthu ziwiri: mwina si chikopa, ndi pulasitiki yonyezimira imene idzayamba kusenda pakatha miyezi ingapo, kapena ndi chikopa chimene mtengo wake wotsala akulipira asodzi ndi amayi ochapa pa Dhaleshwari. Ife amene timadziwa mmene Mudi amaonekera ndi kununkhira akamadutsa mu Blantyre sitifunika kutifotokozera zambiri.

Ndikudziwa zimene wamalonda anganene, ndipo sindikuzipeputsa. Anena kuti makasitomala ake ndi anthu osauka, amayang'ana mtengo basi. Anena kuti madola akusowa m'mabanki, kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023 n'kumeza phindu la katundu amene anali panyanja, kuti msonkho ukumudikira pa boda. Zonsezi ndi zoona. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Pa mtengo umene kasitomala amalipira sikipa m'sitolo, gawo lopita kwa wosoka ndi kachigawo kakang'ono zedi. Zambiri zimapita ku nsalu, mayendedwe, msonkho, lendi ndi phindu la wogulitsa. Kusiyana kwa fakitale yolipira mwalamulo ndi kachipinda kaja sikungagwetse bizinesi imene ili ndi miyendo. Ngati bizinesiyo ikuima pokhapokha wina atasoka maola 14 kuseri kwa chitseko chokhoma, ndiye kuti sinaime n'komwe.

Komanso kufunsa dzina la fakitale kumateteza thumba lanu. Munthu amene sakufuna kukuuzani kumene akusokera ndi yemweyo amene adzakutumizireni sampulo yokongola yosokedwa kwina, katundu weniweni n'kubwera wa nsalu yopyapyala, masaizi osokonekera, utoto wochoka pa kuchapa koyamba. Mukadandaula mudzagwira ndani? Nambala ya WhatsApp imazima. Safunsa anadya phula, ndipo pamalonda awa phulalo limabwera ndi kontena. Amene akhala pa ntchitoyi nthawi yaitali amalembetsa zonse: kulemera kwa nsalu, miyezo, mtundu wa ulusi ndi zipi. Salipira ndalama yonse katundu asanaonedwe, ndipo amalipira munthu wapadera woti akatsegule makatoni asanakwere sitima. Munthu yemweyo akhoza kuona ngati zitseko zili zotsegula ndiponso ngati pamakina pali ana. Ulendo ndi umodzi womwewo.

Udindo uli ndi mbali inanso imene ogula sakonda kuitchula, ya kusunga pangano. Mu 2020 mliri wa Covid-19 utatseka masitolo ku Ulaya ndi ku America, makampani ogula anaimitsa kapena kufafaniza maoda a ndalama pafupifupi madola 3 biliyoni ku Bangladesh, ena mwa iwo zovala zitasokedwa kale. Eni mafakitale anali atagula nsalu pa ngongole, ndipo osoka ambirimbiri anabwezedwa kunyumba. Ena mwa makampaniwo analipira pambuyo pake atachititsidwa manyazi pagulu. Wogula wamng'ono amachitanso zomwezi m'njira yake: kusintha kasokedwe ntchito ili pakati koma tsiku osalisuntha, kuchedwetsa ndalama yomaliza, kufunafuna kachilema kuti adulepo mtengo. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi telala sabata ya ukwati amadziwa amene amagona pamakina kasitomala akasintha maganizo Lachinayi.

Ena adzandifunsa chifukwa chake sindinangomuuza kuti asoketse kwathu. Ndikanakonda, ndipo pa zinthu zochepa monga mayunifolomu a sukulu ndi a mvano, matelala athu amakwanitsa bwino. Thonje tili nalo ku Chikwawa, Balaka ndi Salima. Koma pakati pa thonje ndi sikipa pali kupota, kuluka ndi kunyika utoto, ndipo unyolo umenewo kwathu ndi woduka malo ambiri. Magetsi nawo sadalirika. Sindinganamize mwana kuti apeza zimene kulibe. Chimene ndikuopa n'chakuti tikamalota zokopa mafakitale, tingatengere Bangladesh mbali yolakwika. Ethiopia inatsegula malo a mafakitale ku Hawassa mu 2016 n'kumaitana makampani ndi nyambo ya malipiro otsika, mpaka ofika madola 26 pamwezi. Antchito ankasiya ntchito motsatizana chifukwa ndalamayo sinkakwana lendi ndi chakudya, ndipo dzikolo litachotsedwa mu AGOA, ndondomeko yogulitsira katundu wa ku Africa ku America popanda msonkho, mu Januwale 2022, ena mwa ogula ananyamuka. Chimene chinazika mizu ku Dhaka ndi anthu 130 aja amene anaphunzira ntchito n'kuiphunzitsa ena. Kutchipa kokha aliyense akhoza kukuposani mawa. Ndipo tsiku limene oda za anthu akunja zidzafike ku Kanengo kapena ku Makata, tidzafuna kuti wogula wa kutaliyo afunse za zitseko ndi malipiro a ana athu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mwana uja analemberanso bambo wa ku Dhaka. Anapempha dzina ndi adiresi ya fakitale, anafunsa ngati ili pa mndandanda wa oyenderedwa, ndiponso kumene chikopa cha zikwamazo chinafufutidwa. Bamboyo anatumiza dzina limodzi, koma litafufuzidwa linapezeka kuti ndi la ofesi yogulitsa, osati la fakitale. Za chikopa sanayankhe, m'malo mwake anatsitsanso mtengo. "Amalume, ndamusiya," anandiuza. Panopa wagwirizana ndi anzake awiri, wina wa ku Lusaka wina wa ku Lilongwe, kuti aphatikize maoda awo pa mtundu umodzi wa nsalu, afike pa chiwerengero chimene fakitale yapakatikati yoyenderedwa ingalandire. Mtengo wa sikipa wakwerako pang'ono, ndipo adikira nthawi yotalikirapo kuposa mmene ankafunira. Zikwama wazisiya kaye mpaka atapeza woti amuonetse kumene chikopa chikuchokera, kaya ndi ku Dhaka, ku Addis Ababa kapena kwathu konkuno. Sabata yamawa akutumiza ndalama ya sampulo, ndipo papepala lake pali dzina la fakitale, msewu wake, ndi tsiku limene mainjiniya anafikako komaliza.